Twin tub, front loader kapena dryer: zochapira m'nyumba ya lendi ku Lilongwe

Chaka china mu February mvumbi unagwira masiku anayi, ndipo fulati yathu inasanduka msika wa kaunjika. Mayunifomu anali pa mipando, matawulo pa chitseko cha bafa, masokosi pa zitsulo za pawindo. Chovala chosauma bwino chili ndi kafungo kake, ndipo ukapita nacho ku ntchito anzako sanena kanthu, amangosendeza mpando. Mlungu umenewo ndi pamene ndinayamba kufunsafunsa za makina ochapira ndi oumitsira. Kuchokera pamenepo ndasamuka kawiri, ndakhala ndi makina a mitundu iwiri, ndipo kamodzi ndinanyowetsa siling'i ya aneba apansi.

Chimene ndatolapo n'chakuti nyumba imene mukukhalayo ndiyo imakusankhirani makina. Wogulitsa ku Old Town adzakuwerengerani mapulogalamu 15 ndi kukusonyezani magetsi othwanima pa sikirini, koma sadziwa kuti mpope wa kwanu umachita kudontha ikakwana 6 koloko m'mawa.

Zoti muone kaye musanatuluke pageti

Choyamba ndi mphamvu ya madzi. Madzi a Lilongwe Water Board amachokera ku madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, koma mmene amafikira pakhomo panu zimatengera dera, kukwera kwa malo ndi nthawi ya tsiku. Tcherani ndowa ya malita 20 pa mpope umene mukufuna kulumikizapo makina, Loweruka m'mawa pamene aliyense mu layini akuchapa. Ikadzaza m'mphindi ziwiri kapena zitatu, zili bwino. Ikatenga mphindi 10, makina odzitungira okha madzi adzakusowetsani mtendere: amadikira, kenako amalira n'kuima. Timabuku ta makina ambiri timanena kuti madzi asachepere 0.5 bar, ena 1 bar. Bar imodzi ndi mphamvu ya madzi ochokera mu thanki imene ili mamita 10 pamwamba pa mpope. Ndiye werengani nokha: thanki ya alandilodi ili pa sitandi ya mamita 5, inu muli fulati ya m'mwamba, pafupifupi msinkhu umodzi ndi thankiyo. Madzi adzafika, koma mokwawa.

Funsaninso kuti mita ndi ya ndani. Pa mapuloti ambiri ku Area 25, Area 36 kapena Kawale, nyumba zingapo zimamwera mita imodzi n'kumagawana bilu. Makina akangolowa pageti, bilu iliyonse yokwera idzakhala mlandu wanu, ngakhale kuti chodontha ndi chimbudzi cha nyumba ina.

Chachiwiri ndi magetsi. A ESCOM amatipatsa 230 volts, ndipo soketi zathu za mano atatu amakona zimasenza ma amp 13, omwe ndi mawati pafupifupi 3,000. Nambala imeneyi muisunge. Makina ochapira otenthetsa madzi amakoka mawati cha m'ma 2,000, dryer wamba (makina oumitsira zovala) amakokanso 2,000 kapena kuposa, choncho awiriwa sangayake limodzi pa soketi imodzi, nanji pa ekisitenshoni ya pamsika. Itanani wamagetsi ayeze ngati soketiyo ili ndi waya wa earth, chifukwa m'nyumba zina zomangidwa mothamanga wayawo unathera m'khoma. Pali nkhani ya kuzima. Amene tinali mumzinda uno mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu January n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, tikukumbukira kudzuka 2 koloko usiku kukasita chifukwa ndi pamene ayaka. Kapichira inabwerera mu 2023, koma magetsi athu ambiri akuchokerabe pa mtsinje umodzi wa Shire. Makina ofuna maola atatu osadukiza ndi makina amene mungawasiye pakati n'kudzapitiriza madzulo si ofanana kuno.

Chachitatu, madzi akuda adzatulukira kuti? Makina ena ali ndi pampu yokankhira madzi m'mwamba, ena amangodalira kuti paipi igone pansi madzi ayende okha. Mbali yaikulu ya Lilongwe ilibe mapaipi a suweji, nyumba zimadalira septic tank ndi dzenje lomwetsa madzi. Nthaka ikakhuta mvula, malita 150 a kuchapa kumodzi amaonekera kuseri kwa nyumba, ndipo landilodi amene amalipira galimoto yopopa ali ndi chifukwa chofunsira.

Chachinayi ndi eni nyumbawo. Kuboola khoma, kudula paipi, kuwonjezera mpope: pemphani, ndipo yankho likhale lolembedwa ngakhale pa WhatsApp. Ine ndinapempha pakamwa. Mayi eni nyumba anangoti, "Ikani mwanangu, bola musandiswere matayilosi." Tsiku lotuluka anabwera ndi mwana wawo wamwamuna amene sanamvepo za chilolezocho, ndipo kampope kamene ndinawonjezera pansi pa sinki kanadya gawo la dipoziti. Mugwirizanirenso limodzi ngati potuluka mudzakasiye kapena mudzabwezeretse mmene munapezera.

Chomaliza n'chakuti wa lendi ndi wapaulendo. Chilichonse chimene mwakweza masitepe mudzachitsitsanso.

Mitengo ya makwacha sindiilemba muno. Makina onsewa ndi ochokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tinaona timapepala ta mitengo tikusinthidwa m'mashopu tili chiimire. Chimene sichisintha ndi malita, mayunitsi, ndi kuti ndi makina ati amene amaposa anzake mtengo.

Twin tub

Awa ndi aja a pulasitiki a zigawo ziwiri, mbali ina yochapira, ina yofinyira. Anthu ena amawaderera ngati makina a kale. Ine ndimawalemekeza.

Mtengo: ndi otsika kuposa ena onse, nthawi zambiri safika ndi theka la mtengo wa front loader yatsopano. Safuna pulambala. Mota yochapira imakoka mawati 300 mpaka 500, yofinyira yocheperapo, ndiye kuchapa kumodzi sikufika ndi theka la yuniti. Madzi mumalamulira ndinu. Mumayamba ndi zoyera, m'madzi omwewo n'kuikamo zamitundu, n'kumaliza ndi majinzi, ndipo otsukuluzira mumakolopera kapena kuthira m'chimbudzi. Pa mita yogawana, imeneyi ndi mfundo yokambira ndi aneba.

Kupezeka: pafupifupi shopu iliyonse ya zamagetsi ili nawo, a Defy, a Hisense ndi mayina ena amene simunawamvepo. Zipangizo zake ndi lamba, timer, capacitor ndi mota, ndipo mmisiri amene amakonza mafani ndi mafiriji sangagwire njakata nazo.

Kusamala: chotsani ulusi mu kasefa mukamaliza, tsanulani madzi onse, ndipo musawasiye padzuwa. Dzuwa la October limaphika pulasitiki mpaka kuyamba kuthetheka. Kunsi kwake nthawi zambiri kumakhala kotsegula, ndipo makoswe amakonda mawaya a m'menemo, choncho pakhonde la kuseri si malo ogonekapo.

Zoopsa: amafuna munthu. Simungaike zovala n'kupita ku tchalitchi. Mumaimirira pomwepo, kuthira madzi, kusamutsa zovala zonyowa kuchoka mbali ina kupita ina, ola lathunthu kapena awiri. Ambiri alibe pampu, ndiye paipi yotulutsa madzi iyenera kugona pansi, mu shawa kapena panja. Ngati bafa lanu ndi lija lokhala m'mwamba losambiramo chogona ndipo pansi palibe kabowo, mudzatunga ndi ndowa. Ana asayandikire chofinyira chikuzungulira, ndipo manja onyowa asagwire pulagi, poti pansi pamakhala madzi nthawi zonse.

Koma taonani ubwino wake kuno. Mpope ukauma mumathira madzi a mu dilamu. Magetsi akazima, timer yake ndi ya sipuling'i, palibe bolodi yoti ipse, mumatsegula chivindikiro n'kumalizitsa pamanja. Posamuka anthu awiri amawanyamula osatuluka thukuta. Ndipo chofinyira chake chimazungulira mwamphamvu moti shati imatuluka yongotsala pang'ono kuuma.

Top loader

Makina odzichapira okha otsegula pamwamba.

Mtengo: ali pakati. Ambiri alibe chotenthetsera madzi, ndiye mayunitsi sadya kwenikweni. Chimene amadya ndi madzi, malita 100 mpaka 150 pa kuchapa kumodzi, akuluakulu kuposa pamenepo. Banja lochapa katatu pa mlungu limachapa ka 13 pa mwezi, omwe ndi malita 1,300 mpaka 1,950. Pa mita ya prepaid mudzaona nokha mmene akutsikira.

Kupezeka: a Samsung, LG, Defy ndi Hisense amapezeka popanda vuto. Pogula funsani chinthu chimodzi chimene ogulitsa ambiri satchula: kodi ali ndi pampu yotulutsira madzi? Ena alibe, ndipo ameneyo simungamulumikize ku paipi ya pansi pa sinki.

Kusamala: kasefa ka ulusi, kasefa kakang'ono ka polowera madzi, ndi kuonetsetsa kuti akhala pamalo osapendekeka. Mabatani ali pamwamba pamene zovala zonyowa zimadutsa, ndiye apukuteni.

Zoopsa: amapota zitenje ndi nsalu za pabedi kukhala chingwe chimodzi, ndipo zikaunjikana mbali imodzi amagunda m'mbali ngati ng'oma mpaka kuima. Safinya kwambiri, ambiri amazungulira cha m'ma 700 pa mphindi, choncho m'dzinja zovala zimachedwa pa chingwe. Madzi akakhala ofooka amatha theka la tsiku akudzaza. Ambiri amalola kuti muwathirire ndi ndowa, koma ngati mudzaima pomwepo ndi ndowa potsukuluza paliponse, mwalipira ndalama zambiri kuti mugwire ntchito ya twin tub. Kunena zoona, m'nyumba ya lendi ndimawaona ngati osankhidwa pomaliza, pokhapokha bilu ya madzi ili kale mu lendi ndipo eni ake sadandaula.

Front loader

Otsegula kutsogolo, a chitseko chagalasi, amene aliyense amawasirira.

Mtengo: ndi okwera pogula, ndipo pamwamba pake onjezani pulambala, kampope ka makina ka mazinga a 3/4 inchi, pikapu yonyamulira ndi chotetezera magetsi. Chotetezeracho onani kuti chalembedwa ma amp 13, chifukwa ma fridge guard ena ndi ang'ono, anapangidwira firiji. Sopo wake ndi wina, uja wolembedwa kuti automatic. Sopo waufa wochapira pamanja amachita thovu lambiri, limatulukira pa kabati ka sopo ndipo makina amasokonezeka. Pobweza, madzi amamwa ochepa, malita 45 mpaka 60. Pa kuchapa ka 13 pamwezi ndi malita osafika 800. Mukachapa ndi madzi ozizira mayunitsi ndi ochepa ngati a twin tub, mukaika pa madigiri 60 yuniti imodzi kapena kuposa imapita.

Kupezeka: atsopano alipo m'mashopu akuluakulu. Musanalipire funsani kuti waranti amakonzera kuti, kuno ku Lilongwe kapena mpaka ku Blantyre, ndipo lisiti mulijambule pafoni chifukwa inki yake imafufutika. Bolodi ikapsa, ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumeneku, mutha kudikira miyezi chipangizo chili m'njira. Palinso ogwiritsidwa kale ntchito, ochokera ku UK ndi ku South Africa, amene amagulitsidwa pa Facebook. Musagule osawaona akuyenda. Auzeni awaike pa kufinya: akamalira ngati ndege ikunyamuka pa KIA, ma bearing atha, ndipo pa makina ambiri amakono kusintha ma bearing kumafuna kusintha mgolo wonse. A ku UK amabwera ndi pulagi yofanana ndi yathu. A ku South Africa amabwera ndi ya mano ozungulira akuluakulu. Imeneyo wamagetsi aidule aikepo yathu ya fyuzi ya ma amp 13, chifukwa adaputala imatentha mpaka kusungunuka.

Kusamala: apa pali ntchito yambiri, koma yaing'onoing'ono. Kumbuyo kwa makina atsopano kumakhala mabawuti atatu kapena anayi ogwira mgolo paulendo. Achotseni musanayatse, apo ayi makina adzavina mpaka pakhomo la khitchini. Mabawutiwo musataye, muwamange m'kapepala n'kumata kumbuyo kwa makina, adzafunika tsiku losamuka. Miyendo isinthidwe mpaka makina asagwedere mukawakankha pakona. Mukamaliza kuchapa siyani chitseko chotsegula pang'ono n'kupukuta mphira, apo ayi mumachita chuku chakuda chimene sichichoka. Pansi kutsogolo pali kachitseko ka sefa ya pampu: m'menemo mudzapezamo makobidi, mapini a tsitsi, ndodo za machesi. Ndipo madzi akabwera atasowa kwa tsiku, amayamba ndi matope. Tsegulani mpope wina kaye ayere, kenako muyatse makina, ndipo kasefa ka polowera madzi muzikatsuka ndi mswachi wakale.

Zoopsa: amalemera makilogalamu 60 mpaka 75, chifukwa mkati muli zibuma za simenti zoletsa kugwedezeka. Kuwakweza fulati ya m'mwamba ndi amuna atatu ndi mawu oipa angapo. Kufinya kwake kumamveka kwa apansi, ndiye kuchapa 11 koloko usiku chifukwa magetsi angoyaka kumene kudzakudanitsani. Magetsi akazima pakati, zovala zimakhala m'madzi ndipo pa makina ena chitseko chimakhala chokhoma. Ambiri amapitiriza pamene analekera akayakanso, koma yunifomu imene imafunika mawa m'mawa mumangoiyang'ana pagalasi. Mawu akuti inverter olembedwa kutsogolo asakunamizeni, amanena za mtundu wa mota, sakutanthauza kuti makina amayenda magetsi atazima. Inverter yanu ya mabatire ya 1kVA chotenthetsera madzi singachikwanitse.

Choopsa chachikulu m'fulati ndi madzi otayika. Paipi yotulutsa madzi imayenera kulowa mu paipi yoimirira kapena ya pansi pa sinki, pa msinkhu wa masentimita 60 mpaka 100, ndipo imangidwe. Ine ndinangoikoleka pa sinki, ndikuti pulambala adzabwera mlungu wamawa. Pampu itakankha, paipi inadumpha ngati njoka n'kugwera pansi, ine ndili pa sofa ndikuonera mpira. Ndinadziwira kugogoda. Aneba apansi anali pakhomo ndi chidebe m'manja, nkhope ili zii: "Achimwene, kumwambako kukugwa mvula kodi?" Penti ya siling'i yawo ndinalipira ndine. Kuyambira tsiku limenelo paipi ndimaimanga ndi waya, ndipo kampope ka makina ndimatseka ndikamaliza, chifukwa usiku mphamvu ya madzi imakwera ndipo paipi yolowetsa ikaphulika mulibe munthu, nyumba yonse imasambira.

Ubwino umene sakamba kwambiri ndi kufinya. Front loader imazungulira ka 1,000 mpaka 1,400 pa mphindi, ndipo zimenezi zikukhudza funso lotsatirali.

Dryer

Ku Lilongwe kuyambira May mpaka October mvula kulibe, ndipo mu September tawulo limauma musanamalize kuyanika lachiwiri. Miyezi yovuta ndi January ndi February, mwina ndi mbali ya December ndi March. Ndiye dryer ndi chinthu chimene chimatenga malo miyezi 12 kuti chikuthandizeni miyezi itatu.

Mtengo: pali mitundu itatu. Yotulutsa mpweya panja ndi yotsika mtengo. Ya condenser, imene imasonkhanitsa madzi mu kathanki koti muzikhuthula, ndi yokwererapo. Ziwirizi zimadya mayunitsi 4 kapena 5 pa mtolo wodzaza wa zovala za thonje, ndiye ka 13 pamwezi ndi mayunitsi oposa 50 owonjezera pa amene mumagula kale pa Airtel Money kapena Mpamba. Ya heat pump, imene imagwiritsa ntchito kutentha komweko mobwerezabwereza, imadya pafupifupi mayunitsi 2, koma mtengo wake pogula ndi woti munthu ukhale pansi kaye, ndipo imachedwa kuumitsa.

Kupezeka: ndi zochepa kuyerekeza ndi makina ochapira, chifukwa ogula ndi ochepa. Ya heat pump mumachita kusakasaka kapena kuitanitsa, ndipo wodziwa kuikonza ndi wosowanso.

Kusamala: chotsani ulusi pa sefa nthawi iliyonse mukaumitsa. Osati mwa apo ndi apo, nthawi iliyonse. Ya condenser ndi ya heat pump zili ndi sefa ina pansi yofuna kutsuka mwezi ndi mwezi.

Zoopsa: ulusi wounjikana pafupi ndi chotenthetsera ndi umene umayambitsa moto, choncho musaisiye ikuyenda mukupita kukagona kapena kutuluka. Yotulutsa mpweya imafuna bowo la masentimita pafupifupi 10 pakhoma, ndipo ndi landilodi wochepa amene angavomere. Njira ina ndi kutulutsira paipi pawindo, koma windo lotsegula m'dzinja ndi khomo la udzudzu. Mukaisiya kuti ipumire m'nyumba, makoma amachita thukuta, penti imatupa, chuku chimamera kumbuyo kwa wodirobu, ndipo dipoziti yapita. Ya condenser ndiyo yoyenera wa lendi chifukwa siifuna bowo, ngakhale imatenthetsa chipinda. Kuisanjika pamwamba pa front loader n'kotheka, koma ndi chogwirizira chake, osati kungoikhazika pa thabwa.

Chinthu chimodzi chimene dryer imachita bwino kuno: kuteteza ku mphutsi. Ntchentche ija imaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanikidwa pamthunzi kapena pansi, makamaka nthawi ya mvula, kenako mwana amatuluka kachithupsa kokhala ndi kachilombo mkati. N'chifukwa chake amayi athu ankasita chilichonse, ndi matewera omwe. Zovala zochoka m'makina n'kulowa mu dryer ntchentcheyo sizionana nayo. Koma simbi imapha mazirawo pa mtengo wochepa kwambiri.

Njira imene ndimagwiritsa ntchito ine m'dzinja ndi iyi: kufinya kawiri, kuyanika pa sitandi yopinda pafupi ndi windo, n'kuyatsa fani kuti iziwomba pa zovalazo usiku wonse. Fani imakoka mawati pafupifupi 50, ndiye maola 10 ndi theka la yuniti. Mashati ndi mayunifomu amakhala atauma m'mawa. Majinzi ndi matawulo okhuthala amafuna tsiku lina.

Makina ochapa n'kuumitsa omwewo

Mtengo: ndi okwera kuposa front loader wamba. Kupezeka: alipo koma mitundu yake ndi yochepa. Kusamala: chimodzimodzi front loader, kuwonjezapo ulusi umene umatsalira mu mphira. Zoopsa ndiye zingapo. Nambala ziwiri zolembedwa kutsogolo, monga 8 ndi 5, zikutanthauza kuti amachapa makilogalamu 8 koma amaumitsa 5 okha, ndiye mumachotsamo zina. Kuchapa ndi kuumitsa pamodzi kumatenga maola 5 kapena kuposa, nthawi yaitali yodalira kuti magetsi sazima. Ambiri amagwiritsanso ntchito madzi a mu mpope poumitsa, zimene zimadabwitsa anthu bilu ikabwera. Ndipo akawonongeka mwataya zonse ziwiri tsiku limodzi. Chowagulira ndi malo basi: amatenga danga la makina amodzi ndipo safuna bowo.

Osagula kalikonse

Mtengo: palibe ndalama yaikulu yotulutsa kamodzi. Mumalipira mayi kapena mnyamata wa ganyu yochapa pa mlungu, ndipo mabulangete ndi maduveti mumapititsa kochapitsa kawiri kapena katatu pa chaka. Ndipotu duveti lalikulu m'makina a makilogalamu 7 silikwana bwino, ndiye ulendo umenewo ngakhale ogula makina amauyendabe. Kupezeka: kufunsa aneba kumakwana. Kusamala: ubale ndi munthuyo, kumulipira pa nthawi yake komanso moyenera ntchitoyo, poti kuchapa majinzi a banja lonse pamanja mu June madzi ali ngati ayezi si masewera. Zoopsa: tsiku limene wadwala kapena wapita ku maliro kumudzi, mulu umakudikirani. Kufinya pamanja kumasiya madzi ambiri, ndiye m'dzinja kafungo kaja kamabwerera. Muyeneranso kukhala pakhomo kapena kusiya kiyi.

Nanga inu mutenge ziti?

Ngati madzi kwanu amabwera mwa apo ndi apo, muli pa mita yogawana, kapena mumadalira thanki yotsika, tengani twin tub ndipo musachite nayo manyazi. Chimodzimodzi ngati mumasamuka chaka ndi chaka, kapena eni nyumba anena kuti paipi yawo isakhudzidwe.

Ngati muli ndi mita yanuyanu, ndowa ija inadzaza m'mphindi ziwiri, pansi pa sinki pali polumikiza, ndipo mukuona kuti mukhala zaka ziwiri kapena kuposa, front loader idzakubwezerani pa madzi ndi pa nthawi, makamaka ngati nonse m'nyumba mumapita ku ntchito. Sankhani yofinya ka 1,200 kapena 1,400, ndipo ndalama ya dryer mugulire sitandi yoyanikira, fani ndi chotetezera magetsi chabwino.

Top loader ndi ya amene ali pa nyumba yapansi ya mpanda wake, madzi amphamvu, chingwe chachitali kuseri, ndiponso msana wosafuna kuwerama.

Wokhala yekha kapena awiri, amene zovala zake za mlungu sizidzaza beseni, apitirize ndi wa ganyu. Makina angangomutsekera njira yopita ku bafa.

Dryer yoima payokha ndi ya banja la khanda kapena ana angapo a sukulu, m'fulati ya m'mwamba yopanda khonde, kapena kumene malamulo a pamalopo amaletsa kuyanika panja. Pamenepo tengani ya condenser, kapena ya heat pump ngati thumba likulola ndipo mudzaigwiritsa ntchito chaka chonse, muipatse soketi yakeyake, ndipo muziyatsa makina ochapira atamaliza. Ngati m'fulatimo danga ndi la makina amodzi okha pansi pa kauntala ya khitchini, ndi pokhapo pamene ochapa n'kuumitsa omwewo ali ndi malo. Muziyamba m'mawa, muziikamo theka, ndipo yunifomu ya Lolemba muichape Lachisanu.